Phunziro la chakudya: Kodi mafuta ndi mdani wa thupi?

Amayi ndi abambo, phunziro la lero likuchokera pa mkangano umene uli m'makomo mwathu. Wina wamva pa wailesi kuti mafuta amatseka mitsempha ya magazi. Wina wapita ndi mwana ku sikelo, anamwino amuuza kuti azithira mafuta kapena nsinjiro m'phala. Wachitatu amuwerengera pa foni kuti mafuta alibe mlandu, choipa ndi shuga. Onse atatu akunena zimene anamva ndithu. Nanga timvere ndani?

Funso limeneli si lamasewera ayi. Taganizani za mayi amene ali ndi mwana wa chaka chimodzi. Wamva kuti mafuta ndi oipa, ndiye wasiya kuthira nsinjiro m'phala. Mumtima mwake akuti akuteteza mwana. Mwezi wotsatira apita ku sikelo, apeza kuti mwana uja sanakwere. Taganizaninso za bambo wogulitsa malonda pa msika wa ku Ulongwe. Amakhala pa mpando tsiku lonse, ndipo masana alionse amadya tchipisi ndi nyama ya nkhumba yonona. Iye wamva kuti mafuta alibe vuto, ndiye akungowonjezera. Anthu awiriwa atola uphungu umene sunali wawo, ndipo onse angavulale nawo.

Akulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Tiyeni nkhaniyi tiimve tokha kuyambira pachiyambi.

1. Mafuta amagwira ntchito yanji m'thupi?

Ntchito yoyamba ndi kupereka mphamvu. Mphamvu ya m'chakudya amaiyeza ndi muyeso wotchedwa kalori, monga mmene timayezera chimanga ndi makilo. Galamu imodzi ya shuga kapena ya ufa imapereka makalori osapitirira 4. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9. Ndiye kuti kachakudya kochepa ka mafuta kamakhala ndi mphamvu yambiri.

Ntchito yachiwiri ndi kunyamula mavitamini. Mavitamini A, D, E ndi K sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Mafuta ali ngati ngolo yotutira mavitamini amenewa kuchoka m'matumbo kupita m'magazi. Nkhwani, bonongwe, chisoso, maungu, mango ndi mapapaya zili ndi chinthu chimene thupi limapangira vitamini A. Koma tikadya masamba ongowiritsa ndi mchere basi, chambiri chimangodutsa osalowa m'thupi. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukayamba mdima, ndipo chikuku kapena kutsekula m'mimba kukamugwira amafooka msanga.

Ntchito yachitatu ndi kumanga thupi. Bongo, khungu ndi minyewa zimafuna mafuta. Pali mafuta ena amene thupi silingathe kudzipangira lokha, mpaka tiwadye. Amapezeka mu nsomba, soya, mtedza, chitowe ndi mpendadzuwa.

Umboni waukulu uli pa bere la mayi. Pafupifupi theka la mphamvu ya mkaka wa m'mawere imachokera ku mafuta. Chikhala kuti mafuta onse ndi poizoni, bwenzi khanda likukula bwanji ndi mkaka wokhawokha miyezi 6 yathunthu?

2. Nanga mbiri yoipayi inachokera kuti?

Inachokera ku mayiko a kutali, kumene mavuto a chakudya anali osiyana ndi athu. M'zaka za m'ma 1950, amuna ambiri a ku America ankafa mwadzidzidzi ndi matenda a mtima. Mu 1958 katswiri wina dzina lake Ancel Keys anayambitsa kafukufuku m'mayiko 7. Anapeza kuti kum'mawa kwa Finland, kumene anthu ankadya batala ndi mafuta a mkaka kwambiri, matenda a mtima anali ochuluka. Pa chilumba cha Crete ku Greece anthu ankadyanso mafuta ambiri, koma awo anali a azitona, ndipo matenda a mtima anali ochepa. Mwaona? Kafukufukuyu anaonetsa kuti mafuta ndi osiyana. Koma uthenga pofalikira unafupika, anthu n'kumangoti mafuta ndi oipa.

Mu 1977 komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America inalangiza anthu kuti achepetse mafuta. Mafakitale anayamba kuchotsa mafuta m'zakudya zogulitsa, ndipo kuti zizikomabe ankathiramo shuga ndi ufa wosalala. Kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga sizinachepe, m'malo mwake zinachuluka m'zaka zotsatira.

Kenaka mphepo inatembenuka. Mu 2014 magazini ya Time inajambula batala pachikuto pake n'kuuza anthu kuti azidya. Mu 2016 ofufuza a ku San Francisco anatulutsa makalata akale oonetsa kuti bungwe la eni malonda a shuga linalipira akatswiri a ku Harvard. Lipoti limene akatswiriwo analemba mu 1967 linachepetsa mlandu wa shuga n'kuukankhira ku mafuta. Anthu atamva izi, ena anathawira mbali inayo, n'kumati ndiye kuti mafuta onse ndi abwino.

Nawonso analakwitsa. Tibwererenso ku Finland kuja. Mu 1972 m'chigawo cha North Karelia anayamba ntchito yolimbikitsa anthu kusiya batala n'kumadya mafuta a mbewu, kusiya fodya, kuchepetsa mchere ndi kudya masamba. Patapita zaka 40, imfa za matenda a mtima pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinatsika ndi zoposa 80 pa 100 zilizonse. Si mafuta okha amene anachita zimenezi, koma anali mbali yaikulu.

Choncho uphungu umasemphana pa zifukwa zitatu. Ofufuza amaphunzira zatsopano n'kukonza zakale. Amalonda amakokera nkhani kwawo. Ndipo nkhani ikayenda pakamwa pa anthu ambiri imaduka mchira. Funso loyenera lili patatu: mafuta ake ati, ochuluka bwanji, ndipo akudya ndani?

3. Mafuta ali m'magulu atatu

Gulu loyamba ndi mafuta osaundana. Awa amakhala amadzimadzi ngakhale kuzizire. Ali mu mtedza, mpendadzuwa, chitowe, soya, nthanga za maungu, mapeyala, ndi nsomba monga usipa wa ku Metangula ndi kapenta wa ku Cahora Bassa. Amenewa ndi abwino ku mtima.

Gulu lachiwiri ndi mafuta oundana. Mukaphika nyama ya mbuzi, ya ng'ombe kapena ya nkhumba n'kuisiya usiku, m'mawa mumapeza zoyera zitagwirana pamwamba pa msuzi. Amenewo ndiwo. Batala alinso m'gulu limeneli, pamodzi ndi mafuta a kokonati amene abale athu a ku Quelimane ndi Inhambane amaphikira. Mafuta ambiri a m'masitolo ndi a kanjedza, ochokera ku Malaysia ndi Indonesia, ndipo pafupifupi theka lake ndi oundana. N'chifukwa chake nyengo yozizira kuno ku Angonia botolo lina limachita mbuu kapena kulimba pansi. Mafuta a gulu ili akachuluka amakweza chinthu cha m'magazi chotchedwa kolesterolo. Pang'ono ndi pang'ono, kwa zaka zambiri, chimamatirira m'kati mwa mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa. Mapeto ake ndi matenda a mtima kapena kufa ziwalo. Kudya nyama yonona pa ukwati kapena pa chikondwerero sikupha munthu. Choopsa ndi kudya motero tsiku ndi tsiku.

Gulu lachitatu ndi mafuta olimbitsidwa ku fakitale. Amatenga mafuta amadzimadzi n'kuwasandutsa olimba ndi mankhwala kuti asaonongeke msanga. Angapezeke m'majarini ena olimba, m'mabisiketi ndi m'makeke a m'mapaketi. Pa gulu ili palibe mkangano, akatswiri onse amavomereza kuti ndi oipa ku mtima. Dziko la Denmark linaika lamulo lowaletsa mu 2003. Mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene m'Chipwitikizi timalitcha OMS, linapempha mayiko onse kuti awachotse m'zakudya.

Bungwe lomweli limati munthu wamkulu asapitirire magawo 30 pa 100 a mphamvu yake ya patsiku kuchokera ku mafuta, ndipo oundana asafike magawo 10. Kwa munthu wodya makalori 2,000 patsiku, magawo 30 aja ndi magalamu 67, kapena kuti masupuni aakulu osakwana 5. Muwerengere pamodzi ndi mafuta obisika mu mtedza, nyama ndi mandasi. Palinso malire apansi. Wamkulu asachepere magawo 15, ndipo mayi wa msinkhu wobereka asachepere magawo 20. Malire apansiwa satchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndi amene amakhudza ambiri a ife.

4. Ife tili mbali iti?

Tayang'anani mbale ya pakhomo pa mlimi. Nsima ya ufa woyera yadzaza, ndiwo ndi masamba. Mafuta a chimanga amakhala mu kamtima kake. Mu magalamu 100 a mgaiwa muli mafuta pafupifupi magalamu 4. Tikakonola, kamtima kaja kamapita ndi madeya kwa nkhuku ndi nkhumba, ndipo mu ufa woyera mumatsala ochepa zedi. Banja lotere silikudya mafuta ochuluka. Nthawi zambiri likudya ochepa, pamene likugwira khasu kuyambira m'bandakucha.

Amene amavutika kwambiri ndi ana. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi imadzaza ndi kapu imodzi yokha. Mukamupatsa phala lamadzi la ufa woyera amakhuta, koma wakhuta madzi. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 2 amafunika kupeza magawo 30 mpaka 45 pa 100 a mphamvu yawo kuchokera ku mafuta, kuposa akulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lathu la Mozambique anapeza mu 2011 kuti ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Wa mu 2022 ndi 2023 anapeza 37. Zifukwa zake ndi zambiri, monga matenda, madzi oipa ndi kuchepa kwa chakudya, koma phala lopanda kanthu lili m'gulu lomwelo.

Onani chimene achipatala amapatsa mwana wonyentchera kwambiri. Ndi chiponde cha m'mapaketi, chopangidwa ndi mtedza, mafuta, mkaka waufa, shuga ndi mavitamini. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kali ndi makalori 500. Chinapangidwa koyamba ku France mu 1996, ndipo chapulumutsa ana ambiri kuno ndi kwa anansi athu ku Malawi. Mankhwala a mwana wanjala ndi mtedza ndi mafuta.

Komabe tisadzinamize kuti matenda a mtima ndi a azungu okha. Mu 2005 anapeza kuti mu Mozambique anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mu 2014 ndi 2015 anali 39. Mchere wambiri, mowa ndi kunenepa kwambiri zimathandizira vutoli. Amene amakhala pansi tsiku lonse, amene thupi lakula kwambiri, ndi amene anauzidwa ku chipatala kuti ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, awa ndiwo achepetse zokazinga ndi nyama yonona. Koma akasiya mafuta asathawire ku zakumwa zotsekemera, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi buledi woyera. Kumeneko n'kumene anagwera anzathu a ku America aja. M'malo mwa nyama yonona adye nyemba, nsomba ndi ndiwo zotendera.

5. Mafuta abwino ali m'munda mwathu

Sitifunika kudikira ndalama ya botolo la ku sitolo. Mtedza wosenda, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi chakudya chomanga thupi. Chitowe nachonso theka ndi mafuta. Mpendadzuwa uli ndi pafupifupi magawo 40 pa 100, soya magawo 20. Ngumbi zimene timagwira mvula ikayamba zilinso ndi mafuta ambiri.

Mtedza tibzale ndi mvula yoyamba, ndipo tisatalikitse mapando. Mtedza wochedwa ndi wapatalipatali umagwidwa msanga ndi kadukutu, matenda amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu. Tizisinthanitsa ndi chimanga. Mizu ya mtedza ndi ya soya imasiya chonde m'nthaka, ndipo chimanga cha chaka chotsatira chimapindula. Pakhomo tibzale mtengo wa mapeyala, m'mbali mwa munda chitowe. Nthanga za maungu tisamataye zonse, tizikazinga kapena kusinja n'kutendera ndiwo.

Tibzalenso mbatata yachikasu m'kati, imene ili ndi vitamini A wambiri. Katswiri Maria Andrade, amene wagwira ntchito ya mbatata imeneyi m'dziko muno kwa zaka zambiri, analandira pamodzi ndi anzake mphoto yaikulu ya dziko lonse ya za chakudya mu 2016. Mbatata imeneyi mukaiphika futali, ndiye kuti mwaika vitamini ndi ngolo yake mu mphika umodzi. Makolo athu ankadziwa kutendera kale sukulu isanabwere.

Pokolola, tiyambe tapatula wa pakhomo tisanagulitse. Ambiri timagulitsa mtedza wonse mu Juni pa mtengo wotsika, pofika Januwale phala la mwana lilibe nsinjiro.

6. Chenjerani ndi chuku

Pa mtedza pali mdani weniweni, ndipo si mafuta ake. Ndi chuku. Mtedza ukasungidwa wosauma bwino umachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza woonongeka. Kafukufuku amene anachitika ku Inhambane m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti kumene anthu ankadya poizoniyu kwambiri, khansa ya chiwindi inalinso yochuluka. Kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Amapezekanso mu chimanga chofuka.

Tsono tichite izi. Tikumbe mtedza ukangokhwima, osausiya nthawi yaitali m'nthaka. Tiuyanike pa thandala kapena pa mphasa, osati padothi. Uume mpaka uzichita phokoso tikaugwedeza. Tisunge ndi makoko ake pamalo pouma, matumba asagunde pansi kapena khoma. Tisauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga. Tikasenda tisankhe: wofota, wakuda, wobooka ndi wowawa titaye, ngakhale ziweto tisazipatse.

Apa pali chizolowezi chimene tiyenera kusiya. Mtedza wabwino timapita nawo ku msika, wotsala woipa uja n'kusinja nsinjiro za pakhomo. Potero wogula wadya wabwino, mwana wathu wadya poizoni.

7. Pophika tikumbukire izi

Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, kenaka apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 uku akudya zina. Phala lake likhale la mgaiwa, lolimbirako, losayenderera pa supuni. Thiranimo supuni yaikulu ya nsinjiro kapena supuni yaing'ono ya mafuta, kapena mupotere peyala. Musapitirire muyeso, chifukwa mafuta akachuluka mwana amakhuta msanga n'kukana dzira, nsomba ndi masamba. Mwana wamng'ono musamupatse mtedza wathunthu, ungamutsamwe.

Masamba tizitendera kapena kuthira mafuta pang'ono. Mafuta tiziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo. Pogula mafuta a ku sitolo tisankhe osindikizidwa bwino. Mu 2016 boma linaika lamulo loti mafuta ophikira a m'mafakitale aziikidwa vitamini A. Vitaminiyu amaonongeka ndi dzuwa, ndiye botolo tizisunga pamthunzi, lotseka.

Mafuta amene akazingira kambirimbiri mpaka kuda, kuchita thovu ndi kununkha, aonongeka. Amenewo si odyanso. Amayi ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, anyamata a tchipisi, izi zikukukhudzani.

Tsopano tibwerere kwa anthu awiri aja. Mayi uja abwezere nsinjiro m'phala lero lomwe, nsinjiro za mtedza wosankha bwino. Bambo wa pa msika uja achepetse tchipisi ndi nyama yonona, ndipo apite ku chipatala akamuyeze magazi. Anamwino ananena zoona, wailesi nayo inanena zoona. Aliyense atole zake.

Tikambirane

1. Dzulo kunyumba kwanu munadya chiyani? Mafuta anali mu chakudya chiti?
2. Ndani pakhomo panu ayenera kuwonjezera mafuta? Ndani ayenera kuchepetsa?
3. Chaka chatha mtedza wa pakhomo unatha mwezi uti? Chaka chino musunga wochuluka bwanji?
4. Kodi m'mudzi mwanu mtedza amauyanika pati? Gulu lathu lingachitepo chiyani?

Tiwerengere

1. Supuni yaikulu ya mafuta imalemera magalamu 14. Galamu imodzi ili ndi makalori 9. Supuni imodzi ili ndi makalori angati?
2. Mwasenda makilo 10 a mtedza. Ngati theka lake ndi mafuta, muli makilo angati a mafuta?
3. Botolo la lita imodzi lili ndi masupuni aakulu 66. Banja la anthu 6 lamaliza botolo m'masiku 11. Munthu mmodzi amadya masupuni angati patsiku?

Tilembe

Lembani mawu awa katatu m'kope mwanu: mafuta, mtedza, nsinjiro, chitowe, phala, chuku.

Kenaka lembani chiganizo ichi: Nsinjiro za mwana wanga ndi za mtedza wabwino.